Nsambo za Gwaza

Anzanga inu, zatha! Mawu a aphunzitsi a Laitoni abwerera, gitala ija yamasulidwa nsambo zonse, ndipo usiku wathawu kunyumba kwawo agona tulo tofa nato. Senderani kuno, ndipo musandidule pakamwa, chifukwa nkhaniyi ikundiyabwa lilime. Zina zachitika anthu akuona, zina wanena ndi Esinati, mwana wawo, ndipo Esinati sanama.

A Laitoni mukuwadziwa. Tayi pakhosi ngakhale mwezi wa Okutobala, aphunzitsi a Sitandade 8, mkulu wa mpingo, wotsogolera kwaya. Akakweza dzanja m'tchalitchi ngakhale khanda limasiya kulira. Pa bolodi ankalemba kuti Laitoni Samuyeli. Koma Samuyeliyo anangomutola m'Baibulo. Dzina lawo lenileni ndi Gwaza, ndipo mwini dzinalo anali mkulu uja ankagona m'khitchini kuseri kwa nyumba yawo, uja ana ankamutcha agogo a mbuzi chifukwa chodyetsa mbuzi za aphunzitsi. Munthu akafunsa, a Laitoni ankayankha maso ali kumbali: "Ndi mkulu wina wa kwathu, tikungomusunga."

Anali bambo awo owabereka.

Pa unyamata wake Faidoni Gwaza anali woimba gitala. Ankayenda motsata njanji, lero pa esiteti ya fodya, mawa pa mowa, mpaka anakafika ku Halale wapansi. Gitala ankaigoneka chagada pamiyendo, n'kumatsetsereza kabotolo pa nsambo, gitalayo n'kumalira ngati munthu wofedwa. Nsambo zikaduka ankamanga waya wa mabuleki a njinga. Tsiku lina mzungu wa makina ojambulira mawu anamumva, anamulowetsa m'shedi ya fodya, namuimbitsa nyimbo ziwiri. Anamulipira nsapato ndi mbale imodzi yakuda ya galamafoni. Mbale zinzake zinkalira m'matiyirumu a m'masiteshoni, mwiniwake akupempha mowa wolawa. Nsapatozo zinali zothina, moti ankayenda atazikoloweka m'khosi.

Mwana wake anakulira ku mishoni, ndipo nyimbo za bambo ake zinkamuwotcha makutu: za kachasu, za akazi a m'komboni, za sitima. Mkuluyo atakalamba n'kubwera kudzagogoda, a Laitoni anamulandira ndi lamulo limodzi: "Mukhale, koma gitala isalire pano." Ndipo sinalire.

Mvula ya chaka chatha mkulu uja anamwalira. Pa maliro panafika akuluakulu ena achilendo, mabanjo ali m'matumba. Wina wa iwo anawakokera a Laitoni pambali.

"Mwana wa malemu ndi uti pano?"

"Mukufuna chiyani?"

"Gitala ya woimba siisiyidwa yomangika, bambo. Mwana wake aimbe nyimbo ya mwiniwake pamanda, anthu akumva, kenako amasule nsambo imodziimodzi. Mukapanda kutero mwamumangirira munthu panjira."

A Laitoni mwambowo ankaudziwa bwinobwino. Koma atatembenuka anaona abusa, anaona amayi a Mvano atavala zoyera, anaona ana awo a kwaya atandanda. Anakonza tayi.

"Malemuwa analibe mwana kuno. Maliro ano ndi a mpingo."

Akuluakulu aja anayang'anana, ananyamula matumba awo, nachoka osadya. Gitala ndi mbale a Laitoni anaziponya m'chiguduli, nazikankhira pamwamba pa mitanda ya kuchipinda, kumene kufika kangaude yekha.

Zinayamba pang'onopang'ono, abale, ngati chiswe.

Choyamba inali njinga. M'mawa wina akutsetsereka kupita ku mlatho, a Laitoni anagwira mabuleki, mabuleki osagwira. Anakathera m'bango, miyendo m'mwamba. Atayang'ana, waya kulibe. Sanadulidwe ayi. Anamasulidwa bwinobwino, timanati n'kubwezeredwa m'malo mwake. Anakwapula anyamata awiri a m'kalasi mwawo, anyamatawo akulumbira kuti sanaikhudze njingayo. Anagula waya wina. Sabata isanathe, nayenso anasowa, njinga itagona m'nyumba yokhoma.

Kenako Nangozo, mkazi wawo, anayamba kusesa pansi pa bedi akudandaula. "Kabotolo kanga ka mankhwala a chifuwa kali kuti? Esinati, wakatenga ndiwe?" Esinati anakana. Mankhwalawo anawapeza atakhuthulidwira m'kapu, osatayika ngakhale dontho. Kabotolo kokha ndiko kanapita.

A Laitoni anamva, nakweza maso kuyang'ana pamwamba pa mitanda.

Ndiye panabwera phokoso lija. Masana dzuwa lili paliwombo, ana ali zii kulemba masamu, padenga panamveka waaa, ngati mvula yowaza pa malata. Ana anathamangira pawindo. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Phokosolo linkabwerezabwereza, waaa, tsi, waaa, tsi, ngati chinthu chozungulira. Choko chinagwa m'manja mwa aphunzitsi. Iwo okha ndiwo ankalidziwa: ndi mmene mbale ya galamafoni imalirira singano ikangotera, nyimbo isanayambe. Anadikira nyimbo thukuta lili kamukamu. Nyimbo sinabwere. Phokoso linangoleka.

Masiku omwewo atsikana opita ku mjigo anayamba kunena za mlendo. Ankamupeza chamadzulo m'mbali mwa njanji: chijasi chachitali m'nyengo yotentha, chipewa chofika m'maso, mapazi opanda kanthu, nsapato zili lende m'khosi. Sankaopseza munthu. Ankangofunsa mwaulemu, "Ana inu, kodi kwa mwana wa Gwaza ndi kuti?" Atsikanawo ankati sakumudziwa, ndipo sankanama. Koma ukawafunsa nkhope yake, aliyense ankayamba kukanda m'mutu. Wina anati mawu ake amamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini, patali.

A Laitoni anasiya kudzera ku njanji. Ankazungulira njira ya ku chigayo, yaitali. Koma Lachitatu lina, akuchokera kophunzitsa kwaya dzuwa litangolowa, anamupeza ataima pa njira ya ku chigayo yomweyo.

Kubwerera kunali kosatheka, kuthawa ndi tayi kunali kochititsa manyazi. Anayenda maso ali pansi, moti anangoona mapazi: ong'ambika zidendene, chala chachikulu chakumanzere chopindika. Chala chimenecho ankachidziwa. Nawonso ali nacho.

"Zikomo, achimwene. Kodi kwa mwana wa Gwaza ndi kuti?"

Kumbuyo kwa a Laitoni kunkamveka ana a kwaya akubwera, akuseka. Akadzawapeza akucheza ndi munthu uyu? Akadzamva?

"Kuno kulibe dzina limenelo."

"Ooo," anatero mlendoyo. "Ndiye kuti ndasochera. Pepani, aphunzitsi."

Ndipo anapatuka, kulowa m'udzu kuti aphunzitsi adutse, ataweramitsa mutu, ndendende mmene ankachitira mkulu uja pakhomo pakabwera alendo olemekezeka. Udzuwo unali wouma, koma sunachite phokoso. A Laitoni anadutsa. Sanacheuke. Akanakonda mlendoyo akanawatukwana, akanawalavulira, kusiyana ndi pepani ameneyo.

Kutacha anatsegula pakamwa kuti ayankhe moni wa Nangozo. Panatuluka mpweya wokha.

Anamwa madzi a mandimu, anatafuna jinja. Ku chipatala anawaunika kukhosi ndi tochi nati palibe chotupa. Abusa anabwera kudzapemphera. Mawu osabwera. M'kalasi ankangolemba pa bolodi n'kumaloza ndi ndodo, mayeso a Sitandade 8 akuyandikira. A hedimasitala anawauza mwaulemu kuti zikapitirira, kalasi aipereka kwa aphunzitsi ena. Kwaya inayamba kuimba ngati nkhuku zopanda tambala. Munthu amene moyo wake wonse unali pakhosi anasanduka chithunzi chovala tayi.

Ndipo m'nyumba, nyali ikangozimitsidwa, pamwamba pa mitanda pankamveka: ting. Kenako chete. Ting. Kamawu kakukwera pang'ono, ngati wina akupotoza chomangira nsambo, akumvetsera, akupotozanso. Wosafulumira. Wodikira.

Nangozo anapirira mpaka kupirira kunamuthera. Anayatsa nyali, nakhala tsonga.

"Bambo a Esinati, ine ndatopa kunamizira makoswe. Khoswe wake uti wodziwa kuchuna gitala?"

A Laitoni anatembenukira kukhoma.

"Musandipatse msana. Apongozi anga enieni ndinkawaperekera chakudya kukhitchini ngati waganyu, chifukwa cha tayi wanuyo. Ndikafuna kuwagwadira mumanditsinzinira diso. Lero mukufuna ndigonenso pansi pa gitala yawo ngati sindikumva?"

A Laitoni anatenga sileti ya Esinati nalemba: Anthu adzati chiyani?

Nangozo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Anthu anena kale! Ku mjigo akuti akulodzani ndi aphunzitsi a Sitandade 7, ati akufuna kalasi yanu. Mkazi wawo dzulo palibe anamuyankha moni. Mwakwapula ana a eni osalakwa, tsopano mukufuna banja la eni lisamuke? Inu mukudziwa chimene chili pamwambapo, ndipo mukudziwa chimene chikufuna."

M'mawa a Laitoni anakwera pa mpando natsitsa chiguduli chija. Chinalibe fumbi. Atatulutsa gitala, Esinati anagwira pakamwa. Nsambo zina zinali zadzimbiri monga kale, koma ziwiri zinali zatsopano, zonyezimira, waya wa mabuleki. Kabotolo ka Nangozo kanali kolendewera pa kachingwe kukhosi kwa gitala.

A Laitoni anaganiza zochenjera. Anatseka chitseko nayesa kumasula nsambo momwemo m'chipinda, popanda nyimbo, popanda anthu. Anapotoza mpaka zala zinatuluka matuza. Anatenga pulayala. Zomangira zinali nganganga, ngati zinamera pamenepo. Anakhala pansi, gitala pamiyendo, misozi ikugwera pa thabwa.

Kupita kumanda mozemba nakonso kunali kosatheka. Mukudziwa kuti kumanda salowa munthu popanda adzukulu okumba manda kumutsegulira njira, ndipo chimene amva adzukulu chamvedwa ndi mudzi wonse. Nangozo anamanga chitenje napita kukawapempha. Pofika dzulo masana, njira ya kumanda inali yodzaza: ana a sukulu, amayi a Mvano, a ku chigayo ufa uli m'tsitsi, ngakhale abusa ataima chapatali ngati akungodutsa.

A Laitoni anatuluka atanyamula gitala. Tayi anamusiya. Khosi lawo linkaoneka lalitali, lamaliseche. Anthu anapatuka, manong'onong'o akuyenda: "Gitala? Aphunzitsi?" Iwo maso anali pa zala za kumapazi.

Pa khomo la manda, pamene mitengo imayambira, anaima a Mphonda, mkulu wa adzukulu, khasu lili paphewa.

"Aphunzitsi, mwambo mukuudziwa. Muno salowa munthu wongoyenda. Mukulowa ngati ndani wa malemu?"

Nangozo anayamba, "Iwowa ndi..."

"Ayi, mayi. Anene okha."

"Nanga anena bwanji, mawu alibe?"

"Ndiye tidikira," anatero a Mphonda, natsitsa khasu.

Kunali zii. Mphepo kunalibe, koma m'mitengo ya kumanda munayamba kumveka waaa, tsi, waaa, tsi. Ana anakanirira zitenje za amayi awo. A Laitoni anatsegula pakamwa, mitsempha ya m'khosi inatupa, panatuluka mpweya. Anayesanso. Anayang'ana anthu onse aja amene kwa zaka ankawavulira chipewa. Kenako anayang'ana mkati mwa mitengo, kumene kunali kamtumbira kopanda mtanda, kopanda dzina. Ena akuti pafupi nako panali mthunzi woima, pamalo popanda mtengo. Ena akuti sanaone kanthu.

"Ndine mwana wawo."

Anali mawu aang'ono, okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, koma anamveka mpaka kumbuyo.

"Mwana wa yani?" anafunsa a Mphonda.

"Wa Faidoni Gwaza. Ndi bambo anga ondibereka."

Mayi wina anafuula osafuna, "Agogo a mbuzi aja?" Mnzake anamutsina. Koma mawuwo anali atafika kale, ndipo a Laitoni anawalandira ngati mbama, osaphethira. A Mphonda anapatuka.

A Laitoni analowa, nakhala pansi pafupi ndi mtumbira, m'fumbi, buluku la kusukulu lomwelo. Anagoneka gitala chagada pamiyendo, natenga kabotolo. Abale inu, zala zija! Palibe ankadziwa kuti aphunzitsi anagwirapo gitala, koma zala zinkayenda zokha ngati mbuzi zobwerera kukhola. Gitala inalira, tsitsi la anthu n'kuima. Ndipo anaimba:

Sitima ya ku Halale, undidikire,
ndamanga kale kamtolo kanga.
Amayi musalire, fodya akapsa ndibwera.
Fodya anapsa, ine sindinabwere.

Atamaliza anagwira chomangira choyamba. Chinapotoka mofewa ngati chothiridwa mafuta. Chachiwiri chimodzimodzi. Nsambo zinkagwa ulesi imodziimodzi, anthu akupuma limodzi nazo. Anafika pa yomaliza, yaikulu ija. Anapotoza. Nganganga. Anapotozanso ndi manja awiri. Phokoso la m'mitengo linakula, ngati mvula ikubwera chothamanga, ndipo nsamboyo inayamba kunjenjemera yokha, munthu osaikhudza. Ena anayamba kubwerera chambuyo.

Pamenepo panamveka mawu kuchokera pakati pa amayi a Mvano.

"Aphunzitsi, mwadumpha vesi."

Anali Mayi Nasibeko, tcheya wa Mvano, aja amabweza atsikana pakhomo la tchalitchi chifukwa cha siketi yaifupi. Anthu onse anatembenuka.

"Mukundiyang'ana chiyani? Mukuyesa ndinabadwa ndi duku? Mbale imeneyo inkalira pa tiyirumu ya ku siteshoni, ife tikugulitsa nthochi. Pali vesi ya Rozina. Imbani yonse, bambo. Munthu samuperekeza theka la njira."

A Laitoni ankaidziwa vesiyo, ndipo anaidumpha dala. Anayang'ana abusa. Anayang'ana ana awo a kwaya, amene ankawaphunzitsa kuti pakamwa poimbira Mulungu sipaimba zachabe. Anayang'ana Esinati. Nkhope yawo inagwa ngati ya mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga. Kenako anatseka maso, nabweza kabotolo pa nsambo imodzi yotsalayo.

Rozina wa m'komboni wandimwetsa kachasu,
ndagulitsa jekete, ndagona pakhonde.
Ukaseka iwe Rozina, chiuno ngati cha mavu,
ndiiwala kwathu, ndiiwala dzina langa.

"Ndiiwala dzina langa!" anavomera Mayi Nasibeko, mawu onse, ndipo amayi ena achikulire anapolokezana nawo, wina mpaka phewa linamugwedezeka. Abusa anapeza chinthu chofunika kuchiyang'ana pa nsapato zawo. Koma amene anali pafupi ndi mtumbira sanaseke. Akulumbira kuti pansi pa mawu a aphunzitsi pankayenda mawu ena, okalamba, osasa, otsogola pang'ono, ngati munthu woonetsa mnzake njira.

Nyimbo itatha, a Laitoni anangokhudza chomangira ndi chala chimodzi. Chinapotoka. Nsambo inagwa.

Phokoso la m'mitengo linaduka ngati wina wanyamula singano. Patapita kanthawi njiwa inalira, anthu n'kuzindikira kuti nthawi yonseyo mbalame zinali chete.

A Laitoni sanadzuke msanga. Anagwada, chipumi chili pa dothi la mtumbira, nalankhula ndi mawu awo enieni, aja a m'tchalitchi, koma otsika. "Bambo, simunasochere. Pakhomo paja panali pa mwana wanu." Zina zimene ananena palibe anazimva, chifukwa a Mphonda anabweza anthu kuti awasiye okha.

Musaganize kuti zonse zasanduka uchi. Akulu a mpingo akuti akhala pansi kukambirana za vesi ya Rozina, ndipo mwina kwaya aipereka kwa wina. A Laitoni atauzidwa anangoti, "Akhale, ndidzabwera." Lero m'kalasi anaitana anyamata awiri aja kutsogolo nawapepesa pamaso pa anzawo, mpaka anyamatawo kusowa poyang'ana. Kenako anafufuta Samuyeli pa bolodi, nalemba Gwaza. Choko chinathyoka kawiri. Esinati akuti kunyumba bambo ake sakuthabe kuyang'ana kukhitchini kuja. Akadutsa amatembenuza nkhope.

Koma imvani tsopano chimene ndakuitanirani! A siteshoni masitala akale aja, opuma ntchito, ali ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, ndipo avomera kuibwereka. Mawa tikangoweruka aiika pakhonde la Sitandade 8, ndipo aphunzitsi a Gwaza anena okha kuti aliyense abwere adzamve mbale ija, bambo awo akuimba ali mnyamata. Uzani a kwanu, uzani ndi a ku chigayo. Koma mubwere msanga, anzanga, mudzakhale kutsogolo ndipo musadzatsokomole, chifukwa singano yatsala imodzi yokha!